Mabuleki Anga, Mwendo wa Achimwene

Achimwene anga anadutsa nkhondo yonse ali ndi miyendo iwiri. Anayendetsa malole pamsewu wa Tete m'zaka zimene munthu akamanyamuka pa Zobue ankatsanzika ngati sadzabweranso, koma sanatayeko ngakhale chala. Mwendo wawo wamanja unapita mtendere utabwera kale, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anali kutsogolo kwawo tsiku limenelo ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndinkangofuna chinthu chimodzi kwa iwo: anene zimene ankaganiza za ine. Kaya kunditukwana, kaya kundimasula, koma anene.

Tinabwerako kothawa nkhondo ku Malawi opanda bambo. Anatsala komweko, m'manda a pamsasa. Choncho achimwene ndiwo anali bambo, ndipo ubambowo ankaudziwa bwino, mwina mopitirira. Anapeza lole yakale, ine anandipezera kagalimoto kotsegula kumbuyo, n'kundiphunzitsa kuyendetsa ndili kale ndi ndevu komanso mwana mmodzi. Ntchito yathu inali yotsitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato kuchokera kumapiri a Zobue kupita ku Moatize. Matumba ankakwera lole ya achimwene. Eni ake a matumbawo, amayi a geni, ankakwera yanga, imene anthu ankaitcha chapa, atapanikizana ngati usipa m'chitini, ena miyendo ili lendee kunja.

Kuyendetsa kumene anandiphunzitsa kunali kwa nkhondo, chifukwa kwina sankakudziwa. Nthawi ya nkhondo galimoto sinkayenda yokha. Zinkayenda mumzere wautali umene unkatchedwa koluna, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Malamulo a koluna anali awiri, ndipo achimwene anandibwerezera mpaka ndinkawalota. Loyamba: ponda pamene waponda mnzako, usasiye mpata, chifukwa pamene sipanapondedwe pakhoza kukhala mina, mabomba aja okwirira pansi. Lachiwiri: suima.

"Nkhuku, galu, mbuzi, zonsezo suziimira," ankatero. "Mbuzi ili ndi mwini wake, adzalira tsiku limodzi. Ukaimira mbuzi wapha anthu ali kumbuyo kwako."

Nkhondo inatha, mina za mumsewu waukulu zinachotsedwa, koma achimwene mumtima mwawo koluna sinathe. Ankanditsogoza ine kuti galimoto ikandifera andipeze panjira, iwo n'kumabwera pambuyo panga pafupi zedi, moti pagalasi ndinkangoona chipewa chawo ndi ndudu. Amayi okhala kumapeto kwa chapa ankatha kucheza nawo ndi manja. Ena ankawaponyera nzimbe.

Mabuleki a chapa yanga anali a kufakitale, aja a madiramu kumatayala onse anayi, ndipo anali atakalamba kuposa galimotoyo. Kuti iime unkayenera kuponda katatu. Koyamba phazi linkangolowa ngati waponda phala. Kachiwiri linkamva kanthu. Kachitatu ndiye galimoto inkayamba kuganiza zoima, ndipo inkaganiza mosafulumira. Kumbuyo kunali nyali imodzi yokha yofiira imene inkayaka, ya kumanja, ndipo ndikamaponda katatu nayonso inkaphethira katatu. Tsiku lina tikumwa tiyi pa Zobue achimwene anandiuza akuseka kuti nyali imeneyo ndiye buku lawo.

"Diso lako lija likaphethira koyamba ndimachotsa phazi pamafuta. Kachiwiri ndimatsitsa giya. Kachitatu ndimayamba kupopa anga. Ukamaima iwe, ine ndaima kale."

Ndinaseka nawo. Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Vuto linali lakuti msewu wa mtendere sunali msewu wa nkhondo. Wa nkhondo unali mbee, wopanda munthu. Wa mtendere unadzaza. Anthu obwerera kwawo anamanga m'mphepete mwenimweni mwa tala, ng'ombe zinayamba kuwoloka, njinga zonyamula makala zinkayenda pakati ngati msewu ndi wa agogo awo, ana ankathamangira galimoto iliyonse. Ndipo pa mitsetse yotsika ku Zobue madiramu aja ankatentha n'kumanunkha ngati nsanza yopserera. Akatentha choncho, ngakhale uponde kasanu, ankangokuyang'ana.

Tsiku lina m'nyengo ya masau ndikulowa mu Moatize, ndinaponda katatu, kanayi, kasanu, galimoto n'kumangopita. Ndinakhotera kumbali n'kukaima m'kati mwa mulu wa masau a mayi wina amene ankagulitsa pansi pa mtengo. Anthu anafa nazo kuseka. Wina anakuwa kuti chapa ya ku Zobue imaima ikakhuta. Ine sindinaseke. Pansi pa tayala langa lakutsogolo panali kansalu, ndipo mayiyo anali atangonyamulapo khanda lake kuti aliyamwitse. Sananditukwane. Anangoyang'ana kansaluko, n'kuyang'ana ine.

Ku Moatize, m'dera lotchedwa bairro la 25 de Setembro, kunali mkulu wina wokonza galimoto amene tinkangomutchula kuti mesitiri. Anali Mnyungwe wa imvi, amene anagwirako ntchito kumigodi ya malasha nkhondo isanayambe, ndipo ofisina yake, malo ake okonzerapo, inali mthunzi wa mtengo ndi bokosi la masipanala. Kuseri kwa nyumba yake kunali galimoto yogubuduka, ya mtundu womwewo ndi yanga koma yatsopanoko, imene bungwe lina lothandiza anthu linaisiya. Denga linali litaphwanyika, koma kutsogolo kunali kwabwinobwino. Nditamufotokozera za masau aja, analowa pansi pa chapa yanga, anatulukamo akupukusa mutu.

"Travau izi adapangira mzungu m'bodzi na mbwaya yache," anatero, kutanthauza kuti mabulekiwo anali a galimoto yonyamula munthu mmodzi ndi galu wake. "Imwe mun'nyamula mudzi wentse."

Anandionetsa zimene zinali pa yogubuduka ija. Kutsogolo inalibe madiramu koma madisiki, zitsulo zonga mbale yafulati zimene zimapanidwa mbali zonse ziwiri, ndipo popeza zili poyera, mphepo imaziziziritsa. Kuseri kwa chopondera kunali chimphika chakuda chimene chimakoka mpweya ku injini n'kumathandiza phazi, kuti uponde pang'ono koma matayala amve kwambiri. Ndipo pampu ya mafuta a buleki inali ndi njira ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, kuti kwina kukadontha kwina kugwirebe. Anati zonsezi akhoza kuzisamutsira pa yanga.

Achimwene atamva anakwiya ngati ndawauza kuti ndikusintha mtundu.

"Amene adapanga galimotoyo adali opusa? Galimoto saimitsa ndi buleki, amaimitsa ndi mutu. Umaona patali, umatsitsa giya, basi."

"Achimwene, khanda lija ndikadaliona patali bwanji, lili kuseri kwa masau?"

"Udalipha?"

"Ayi."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Apa ndinene za lole yawo, chifukwa anthu ambiri amene anandiweruza sankazidziwa, kapena ankazidziwa n'kumazibisa. Tayala limodzi lakumbuyo linkadontha mafuta a buleki, ndipo m'malo mokonza, achimwene analowetsa msomali m'kapaipi kake n'kukaphwanya ndi hamala. Lole inkaima ndi matayala atatu. Mafuta a buleki akasowa ankathiramo madzi a sopo. Sanali okha, madalaivala ambiri a nthawi imeneyo ankatero, ndipo ankanyadira kuti ndi nzeru. Ndinawapempha kuti mesitiri aionenso lole. Anati, "Yanga imandimva."

Ntchito pa chapa yanga inatenga masiku atatu. Ine ndinali wopatsira masipanala ndi wogwira zolemera. Tinagwetsa zonse zakutsogolo, mabawuti ena atachita dzimbiri moti tinachita kuwawotcha. Chimphika chakuda chija chinakana kulowa, mabowo ake sankagwirizana ndi a galimoto yanga, mesitiri anaboola ena ndi chiboolero cha pamanja, thukuta likugwera m'maso. Mapaipi atsopano ankawapinda powakulunga pa botolo kuti asathyoke. Sankathamanga mkulu ameneyu. Bawuti iliyonse ankaimanga, n'kuimasula, n'kuiyang'ana, n'kuimanganso. Ine mtima unali dyokodyoko ngati wa mkwati.

Tsiku lachitatu panatsala kutulutsa mpweya m'mapaipi. Ntchito imeneyi imafuna munthu pampando wopopa chopondera, wina pansi womasula kabawuti pa tayala lililonse, wina wothira mafuta kuti asathe. Achimwene anali atabwera kudzaona ngati ndatha kuwononga galimoto. Mesitiri anawauza kuti akwere. Anakwera akung'ung'udza.

"Popani! Phatani! Lekani!" ankakuwa mesitiri ali chagada m'fumbi.

Achimwene ankapopa, n'kugwira, n'kusiya. Tayala loyamba, lachiwiri, mpaka onse anayi. Linali phazi lawo lamanja limene linagwira ntchito imeneyo, m'nsapato yakuda yong'ambika pachala chachikulu. Ndimaliona mpaka lero. Potsika anati, "Chauma ngati mwala chimenechi. Udzathyola anthu mano."

Tinakayesa pakamsewu kafumbi kuseri kwa bairro. Ndinathamangitsa, n'kuponda kamodzi. Galimoto inagwada. Chifuwa changa chinamenya chiwongolero, fumbi linatipitirira n'kupita kutsogolo. Ndinaseka ngati wamisala. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni kuyendetsa ndinamva kuti galimoto ndikuilamula ndine. Mesitiri anatola chipewa chake chimene chinagwera kumapazi, anachikuntha, ndipo sanaseke.

"In'phata," anatero, kutanthauza kuti ikugwira. "Tsapano wa kumbuyo kwanu ndiye ali pa nyatwa, pa ngozi. Mumuuze."

Ndinawauza. Zimenezi anthu aziiwala, koma ndinawauza. Cholakwa changa n'chakuti ndinawauzira pagulu. Kunali m'mawa pa Zobue tikupakira, amayi a geni ali pomwepo, ine n'kunena mokweza, ndi kakuseka pakamwa, kuti achimwene muzisiyako mpata tsopano, iyi ikati ima yaima. Amayi aja anaseka. Achimwene anatsitsa thumba limene ananyamula.

"Iwe ukundiphunzitsa mpata ine? Pamene ndimayenda m'koluna iwe umapanga mzere wa ufa kumsasa."

Anasekanso amayi aja, ulendo uno akuseka ine. Kuyambira tsiku limenelo achimwene ankayenda pafupi kuposa kale, mwadala, kuti ndidziwe kuti mkulu ndani. Masiku oyamba phazi langa linkapondabe katatu mwachizolowezi, amayi n'kumagundana mitu kumbuyo, kudandaula kuti ndiwataya. Ndinaphunzira kuponda kamodzi, mofatsa, ndili patali. Nyali ija inasiya kuphethira. Inkangoyaka kamodzi. Ine sindinaganizeko zimenezo, ndipo achimwene, ngati anaziona, kudzikuza sikunawalole kunena.

Pali chinthu china chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Masabata amenewo ndinkalakalaka mpata woti ndiwaonetse. Ndinkafuna tsiku limodzi chinachake chitulukire mumsewu, ine ndiime pomwepo, iwo aone ndi maso awo kuti mng'ono wawo sanali chitsiru. Sindinkawafunira choipa. Ndinkangofuna anene kuti unali ndi nzeru. Walira mvula walira matope.

Tsikulo tinanyamuka mochedwa chifukwa mbatata inachedwa kutsika kumunda. Dzuwa linali pamutu. Pakati pa amayi amene anakwera chapa yanga panali alamu anga, akazi awo a achimwene, ndipo anakhala kumapeto kwenikweni, miyendo kunja, atayang'ana lole ya amuna awo. Tinatsika mtsetse woyamba bwinobwino. Pa wachiwiri pali pokhota, kumanja phiri, kumanzere khwawa lakuya la miyala. Titangotha pokhotapo, mbuzi yoyera inalumpha kuchokera muudzu wa kuphiri, chingwe chili m'khosi, mbali ina ya chingwecho ikadali muudzu.

Phazi linapita lokha. Kamodzi, mpaka pansi.

Matayala analira, amayi anaunjikana kumsana kwanga akukuwa, galimoto inaima. Inaima bwino kwambiri, mosakhota, monga mesitiri analonjezera. Pagalasi ndinaona lole itadzaza galasi lonse, kenako sindinaionenso. Achimwene anali ndi zinthu ziwiri zoti asankhe: kumbuyo kwa chapa yanga, kumene kunali miyendo ya akazi awo ndi ya amayi ena anayi, kapena khwawa. Anasankha khwawa. Phokoso lake sindingalifotokoze. Chimene ndimakumbukira ndi chakuti zonse zitakhala chete, mbatata inkagubudukabe m'miyala, imodziimodzi, kwa nthawi yaitali.

Mbuzi inawoloka osakhudzidwa. Chingwe chinatuluka muudzu, ndipo kumapeto kwake kunali chikhomo chozuka. Kunalibe munthu.

Achimwene tinawapeza ali moyo, chitsulo cha kutsogolo chitawapana mwendo. Tinachikankha ndi jeke yanga, ine ndi amuna awiri amene anathamangira kuchokera m'minda. Atatuluka anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Alamu ako ali bwino?" Tinatsitsa amayi ena onse, tinawagoneka achimwene m'chapa, mutu uli pamiyendo ya alamu, ndipo ndinathamanga nawo mpaka ku Tete. Ulendo umenewo mabuleki anga anagwira pa kona iliyonse, mokhulupirika, osatentha, osanunkha. Ndi madiramu akale aja sindikanathamanga choncho, ndipo mwina magazi akanawathera panjira. Izinso n'zoona, ndipo sizinanditonthozepo ngakhale tsiku limodzi. Kuchipatala anawadula mwendo pansi pa bondo.

Atatuluka, abale anasonkhana kunyumba kwa amayi. Achimwene anakhala pamphasa, chotsala cha mwendo chitakulungidwa nsalu zoyera. Amalume anayamba ndi mawu ofewa, akuti tsoka silinunkha, akuti chibale ndi fupa sichiola. Alamu sanadikire kuti amalize.

"Tsoka lanji? Adaimira mbuzi! Mwendo wa amuna anga adausinthanitsa ndi mbuzi ya eni ake!"

Amayi anali ndi nkhani yawoyawo. Anamva kuti galimoto imene tinachotsako zitsulo ija inapha munthu pamene inagubuduka, ndipo anati zitsulo zimene zinamwapo magazi sizikhuta. Anati ndikazichotse, ndibwezeremo zakale, ndikazitaye mu mtsinje wa Revubue. Ena anavomereza ndi mitu.

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindikana. Ndinaimirira n'kunena zonse. Ndinanena za msomali m'kapaipi. Ndinanena za madzi a sopo. Ndinanena kuti lole inkaima ndi matayala atatu, kuti ndinawapempha kuti ikakonzedwe iwo n'kukana, kuti ndinawachenjeza za mpata anthu akumva. Ndinati nkhondo inatha kalekale koma pali anthu amene akuyendabe m'koluna. Ndinati chingwe chimakhala ndi mwini kumapeto, ndipo ndinkayesa kuti kutuluka munthu akuthamangitsa mbuzi yake. Ndinati zitsulo sizimwa magazi, ndipo sindichotsa ngakhale bawuti imodzi. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, mwina kupatula chimodzi, ndipo ndinazinenera pamutu pa munthu amene anali pamphasa ndi mwendo umodzi.

Ndinkadikira kuti ayankhe. Ndinkafuna akalipe, anditchule chitsiru monga kale, tikangane mpaka mawu athe. Anangoyang'ana pansi, akupotokola udzu wa mphasa. Pamapeto pake anati, "Mwamva zimene anena. Ine ndatopa, ndikufuna kugona." Anati anena. Munthu amene moyo wanga wonse ankanditchula iwe, tsiku limenelo anayamba kundilemekeza ngati mlendo.

Mabuleki sindinachotse. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka pano ndi chakuti amayi a geni omwe aja, amene ankanong'onezana pamsika kuti ndinalumalitsa mbale wanga, ankalimbirana malo m'chapa yanga chifukwa inali yokhayo pamsewuwo imene inkaima. Madalaivala ena anapita kwa mesitiri kukafunsa ngati kuli galimoto ina yogubuduka. Palibe amene anabwera kudzandiuza kuti unali ndi nzeru. Ankangokwera, kutsika, n'kupitiriza miseche.

Achimwene sanayendetsenso. Lole inatsala m'khwawa mpaka anthu anaimaliza chitsulo chimodzichimodzi. Anapeza malo pafupi ndi chipata cha pamalire cha Zobue n'kumamata machubu a njinga ndi a galimoto, ndodo zawo zili chotsamira pamtengo. Ine ndinkatula ufa, mafuta ndi sopo kunyumba kwawo. Alamu ankalandira osandiyang'ana. Achimwene ankati, "Zikomo kwambiri, mwatithandiza," monga mmene umathokozera munthu wa kutchalitchi.

M'zaka zimenezo anthu a mwendo umodzi anali ambiri m'dera lathu, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Tsiku lina ndinaima pamalo awo kuti andipopere tayala. Panali dalaivala wa lole yaikulu, mlendo, akudikira chubu chake. Anayang'ana mwendo wa achimwene n'kufunsa mwaulemu, "Mina, bambo?"

Achimwene anadzutsa mutu, anandiyang'ana ine, n'kuyankha, "Mina."

Mlendoyo anapukusa mutu, natukwana nkhondo, ndipo anawonjezerapo kanthu pa malipiro. Ine ndinachoka tayala lisanakhute. Ndikanakonda akanandiloza chala n'kunena kuti ndi uyu. Chifundo chimenecho chinandilemera kuposa chipongwe chonse cha alamu, ndipo ndinakwiya nacho. Ndinkaona ngati akundisunga m'thumba, kuti ndisalipe, ndisakhululukidwe, ndizingokhala. Kangapo ndinapita kwa iwo nditakonzeka kuyambitsa nkhaniyo. Ankandiyankha za mitengo ya machubu ndi za mvula.

Panapita zaka, amayi anamwalira, mesitiri anamwalira, ana athu anakula. Chapa ija inali idakalipo, yotha ngati mwini wake, madisiki aja nditawasinthira tizitsulo topana kambirimbiri. Achimwene anali atapeza mwendo wopanga, ndipo unafika pong'ambika lamba, pofunika kupita nawo ku Tete. Zaka zonsezo akafuna kutsika ankakwera galimoto za ena. Ulendo uno ana awo anali kutali, ndipo alamu, amene ukalamba unawafewetsa pang'ono, anatuma uthenga kuti ndiwaperekeze. Anakwera kutsogolo, mwendo wopangawo ataukumbatira ngati mtolo wa nkhuni. Kanali koyamba kukhala m'galimoto imeneyo chichokereni tsiku lija.

Tinanyamuka m'mawa, chifunga chitangochoka. Pa mtsetse woyamba ndinaona bondo lawo lamanja likugwedezeka, kukankha pansi pamene panalibe phazi. Linakankha katatu. Titafika pa wachiwiri, pokhota paja, ndinapatukira kumbali n'kuzimitsa injini. Pamalopo anthu anali atamangapo tinyumba, ndipo m'khwawa munali nthochi.

"Mwaimiranji?" anafunsa.

"Achimwene, takalamba. Ndikufuna mundiuze. Chingwe chija ine ndimati..."

"Chidali ndi chikhomo."

"Ndikudziwa. Koma pamene ndimaponda ndinali ndisanachione."

Anayang'ana nthochi zija. Kenako anayankhula mofatsa, ngati akufotokoza za galimoto ya munthu wina.

"Ine ndidachiona. M'lole munthu umakhala pamwamba. Mbuzi ija ndidaiona iwe usanaione, ikutsika phiri, chikhomo chikudumphadumpha pambuyo pake. Ndidadziwa kuti ilowa mumsewu. Nthawi idalipo yambiri. Ndikadachotsa phazi pamafuta, ndikadatsitsa giya, ndikadaima kutali."

"Nanga bwanji simudatero?"

"Ndidati, ameneyu ndidamuphunzitsa ndine. Saima."

Zaka zonse zija ndinkakonzekera kudziteteza pa mlandu wa mabuleki, ndinali ndi msomali wanga, madzi anga a sopo, chingwe changa. Pa mawu awa ndinalibe kanthu. Sananditukwane ndipo sanandimasule. Anangondiuza kuti tsiku limenelo, pamene ine ndinkafuna kuwaonetsa kuti ndawaposa, iwo ankandikhulupirira. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamene ndinkawatulutsa m'khwawa, ndipo pansi pa chisonicho panali mkwiyo womwe uja, chifukwa ndimadziwabe kuti galimoto imayenera kuima. Khanda la mayi wa masau uja liyenera kuti ndi munthu wamkulu tsopano. Ndinafuna kunena zimenezo, koma ndinazisunga.

"Udaiona mbuzi, kapena udaona ine?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Sindikudziwa, achimwene."

Anagwedeza mutu ngati ndi yankho limene ankaliyembekezera. Anakonza mwendo uja pamiyendo pawo, n'kuloza msewu ndi chibwano.

"Tiye. Kuchipatala kumakhala mzere."

Ndinaliza injini. Ndisanalowe mumsewu ndinayang'ana pagalasi, monga ndimachitira nthawi zonse pamalo amenewo. Kumbuyo kunalibe galimoto.